Mipata Imene Amalume Ankasiyira Ana

Dokotala wa pa chipatala chachikulu cha m'Chipata anatiuza m'mwezi wa Juni, chaka cha chilala chija, kuti amalume ali ndi chotupa pa kholingo ndipo ayenera kupita ku Lusaka msanga. Ine ndinali m'chipindamo. Anajambula khosi la munthu papepala, anasonyeza modutsa mpweya, n'kudetsa mbali imodzi ndi cholembera. Anati pamene chotupacho chidakali chaching'ono, ku Lusaka akhoza kuchiwotcha ndi makina ndipo mawu angatsaleko. Chikakula adzachotsa kholingo lonse. Chikakulitsa chidzatseka njira ya mpweya, ndipo kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi ulendo wa tsiku lathunthu.

Amalume anamvetsera mpaka kumapeto, monga ankachitira ndi nduna zimene ankazifunsa mafunso kale pa wailesi. Kenako anafunsa lawo.

"Mawuwa, mmene alilimu, angagwire ntchito mpaka liti?"

"Bambo, nkhani si imeneyo," anatero dokotala.

"Kwa ine ndi imeneyo."

Dokotala anandiyang'ana ine. Ine ndinayang'ana pepala lija.

Amalume ndi mlongo wawo wa mayi anga, ndipo kwathu kuno malume ndiye mwini wa ana a mlongo wake. Ananditenga kumudzi ku Kasenengwa ndili wamng'ono n'kukandiphunzitsa ku Lusaka. Ntchito imene ndikugwira lero, yolembera nyuzipepala nkhani za m'chigawo cha kum'mawa, anandilowetsa ndi iwo.

Anayamba ngati mphunzitsi wa pulayimale m'mudzi mwathu momwemo. Mawu awo anali aakulu ndi osalala, omveka kuchokera kusukulu mpaka kudimba. Munthu wina wa ku wailesi ya boma, amene anabwera kudzajambula nyimbo za ana, anawamva akuphunzitsa n'kuwauza kuti akayese mwayi. Anayamba ndi maphunziro a pa wailesi a m'Chinyanja. Anakhala mkonzi wa mapulogalamu, kenako mkulu wa gawo la zinenero zathu, ndipo pomaliza anali mkulu wa mapulogalamu onse, wa ofesi ya kapeti ndi dalaivala wake. Atachoka kumeneko anaphunzitsa ku koleji ya atolankhani mpaka kupuma. Anabwerera ku Chipata ndi akazi awo, amene ine ndimawatcha anti, n'kumanga nyumba m'tsinde mwa phiri.

Anthu amawakumbukira chifukwa cha maudindowo. Iwo ankanyadira chinthu china chimene ankachitcha mpata.

Phunziro la pa wailesi silifanana ndi nkhani. Mphunzitsi wa mu wailesi amafunsa funso, kenako amakhala chete kuti ana amene akumvera kutali ayankhe. Akati "imirirani" amadikira aimirire. Akati "lembani pansi ndi kamtengo" amadikira atole kamtengoko, asalaze dothi, alembe. Kudikirako ndiye mpata. Ukafupika, mwana amayankha mawu a mphunzitsi atapitirira kale ndipo amaleka kuyankha. Ukatalika, kalasi imayamba kutsinana. Amalume sankayesa mpata ndi wotchi. Ankati wotchi sidziwa mwana amene wabwera kusukulu osadya. Ankayesa ndi maso, poganizira mwana wochedwetsetsa m'kalasi, ndipo funso lililonse linali ndi mpata wakewake.

Ndili mwana ndinawaonapo kudzera pagalasi la situdiyo ku Lusaka. Anafunsa funso, anakweza dzanja, m'chipinda munali zii. Wa makina anayamba kutekeseka pampando.

"Abwana, anthu aganiza kuti wailesi yafa."

"Ana saganiza choncho," anatero amalume atatsitsa dzanja. "Ana ali kalikiliki kuyankha. Ndiwe wekha amene ulibe chochita."

Chaka cha chilalacho chimanga chinapserera chisanabereke. Sukulu zina za m'midzi ya ku Kasenengwa anamanga ndi makolo okha, ndipo ophunzitsa ake ndi anthu odzipereka amene sanapite ku koleji. Njala itavuta ambiri anasiya choko n'kupita kukasaka ganyu, ena mpaka kumalire ku Mwami kukasenza katundu wa amalonda. Pa sukulu ya m'mudzi mwathu panatsala mayi mmodzi wa m'bungwe la amayi a kutchalitchi, amene analekezera Giredi 9. Iyeyo ndiye anabwera kwa amalume kudzapempha thandizo. Amalume anamulonjeza maphunziro a kuwerenga a Giredi 1 a chaka chonse. Anagwirizana ndi wailesi ina yaing'ono ya mpingo kuti azikajambulira kumeneko, maphunzirowo aziulutsidwa m'mawa, komanso aikidwe m'timakhadi toti aziseweretsa pa mawailesi oyendera dzuwa. Anali atalemba kale ambiri pamene kusasa kwa mawu kunawafikitsa kwa dokotala.

Titafika kunyumba tsiku limenelo anti anamva nkhani yonse ali chiimire.

"Mukwera basi ya mawa," anatero.

"Ndikamaliza kujambula."

"Kujambula ndi mawu ake ati? Mukumveka ngati chitseko cha khola."

"Chitseko cha khola chimamveka ndithu, mayi."

"Anawo ali ndi makolo awo, ali ndi boma. Ine ndili ndi ndani?"

Amalume anatembenukira kwa ine. "Muphwa, iwe ndiwe wolemba, unamva bwino. Dokotala walonjeza kuti mawu adzabwerera?"

"Sanalonjeze," ndinatero, chifukwa zinali zoona. "Koma walonjeza kuti chotupacho chikula."

"Ndiye tifulumire."

Tinayesa njira zonse zimene banja limayesa. Mayi anga anabwera kuchokera kumudzi n'kudzalira pakhonde. Bambo mfumu anabwera kudzamwa tiyi, anachoka atalonjeza kupereka choko. Anzawo akale a ku Lusaka anaimba mafoni, amalume n'kumawafunsa za mapulogalamu a masiku ano mpaka iwo kuiwala chimene anaimbira. Ine ndinapeza muulutsi wina wa mawu abwino kuti awerenge maphunzirowo m'malo mwawo. Amalume anavomera kumuyesa. Munthuyo anafunsa funso loyamba bwinobwino, koma chete uja anamulephera. Anangoti duu pang'ono n'kuyamba, "Eya, eya, mwakhoza anzanga, tiyeni, tiyeni." Amalume anamuthokoza mwaulemu n'kumuperekeza mpaka pageti.

Pamenepo ndinaona kuti njira yachidule ya ku Lusaka inali yodzera ku situdiyo. Ndinapempha kuntchito kuti ndizitumiza nkhani masana okha, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawatenga pa kagalimoto kanga.

Situdiyoyo inali kachipinda kuseri kwa holo ya tchalitchi, makoma ake omatidwa ndi matileyi a mazira kuti mawu asabwerere. Woyang'anira makina anali bambo wa imvi zoyamba kumene, amene amalume anamuphunzitsa ku koleji. Ankawatcha abwana, ndipo sankakhala pansi iwo ataimirira. Pa wailesiyo anali yekha wa makina, choncho ankangotchera maikolofoni, kuyesa mawu, n'kuthamangira ntchito zina. Zojambulazo ankapita nazo kunyumba kwake kukazikonza pa kompyuta.

Chaka chimenecho madzi anachepa ku damu la Kariba, kumene amapangira magetsi, ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Jenereta inalipo, koma phokoso lake linkalowa mu maikolofoni, ndiye sitikanajambula ikulira. Mawu a amalume ankakhalako bwino m'mawa, atamwa madzi ofunda a uchi. Dzuwa likafika pamutu ankatha. Magetsi ndi mawuwo sizinkakumana kawirikawiri. Masiku ambiri tinkakhala pabenchi panja, iwo atakulunga khosi ndi mpango, osalankhula kuti asunge mawu, tikuyang'ana babu la pakhonde. Likayaka tinkathamangira m'kati ngati anthu othawa mvula.

M'kachipindamo ine ndinali kalasi. Ndinkakhala pansi patsogolo pawo. Akafunsa funso n'kukweza dzanja, ndinkayenera kuyankha ndi milomo yokha, osatulutsa mawu, ndi kulemba chilembo pasimenti ndi chala.

"Wafulumira," ankanong'ona tikaima. "Mwana wa Giredi 1 amayamba wayang'ana mnzake. Kenako amayang'ana aphunzitsi. Kenako amakanda mwendo. Ukuyankha ngati munthu wa digiri."

"Ndili nayo digiriyo, amalume. Munalipira ndinu."

"Ndinataya ndalama."

Tinkaseka, koma iwo kuseka kunkathera m'chifuwa. M'mwezi wa Ogasiti, mphepo ya fumbi itayamba, kupuma kwawo kunayamba kulira ngati kamluzu. Poyamba ndinkakumva ndikakhala pafupi. Pambuyo pake ndinkakumva ndili kutsogolo kwa galimoto injini ikulira. Tsiku limene a chipatala cha ku Lusaka anatipatsa loti tikafike kumeneko linadutsa. Ndinapita ndekha kwa dokotala uja kukapempha lina. Anandipatsa, koma anandiuza osandiyang'ana kuti sakudziwa ngati chithandizo chimene ananena mu Juni chidzakhale chikugwirabe ntchito.

Anti analongedza sutikesi n'kuiika pakhomo la pabalaza. Aliyense wolowa kapena kutuluka ankailambalala. Patebulo analeka kulankhula nawo, ankalankhula kudzera mwa ine.

"Uwafunse amalume ako ngati phalalo lalowa."

"Uwauze anti ako kuti lalowa theka."

Amalume sankafuna kumvera zimene tajambula. Ankati mawuwo akuwadziwa mmene analili kale, safuna kudziwana ndi atsopanowa. Inenso sindinamvere. Ndinkangofuna kuti mapepala a maphunziro otsala achepe.

Tinamaliza kumapeto kwa Seputembala. Phunziro lomaliza analijambula mobwerezabwereza, chiganizo chimodzi n'kupuma, china n'kupuma. Potuluka anagwira chitseko n'kunena kuti mawa tikayese kumudzi, mkuja akwera basi. Anti atamva anavala nsapato n'kupita okha ku siteshoni kukagula matikiti.

Kumudzi tinafika dzuwa lisanatenthe. Sukuluyo ndi chipinda chimodzi cha njerwa zosawotcha, ana amakhala pa njerwa zomwezo. Mayi wophunzitsa uja anali atasesa ndi kuwaza madzi pansi. Anaika wailesi pampando patsogolo, analowetsa kakhadi kamene wa makina anatipatsa, n'kutsegula. Amalume anakhala kumbuyo, manja ali pa ndodo.

Mawu awo anatuluka, osasa koma omveka.

"Moni ana inu. Imirirani. Khalani pansi. Nenani a. Mwakhoza. Nenaninso. Mwakhoza. Tolani kamtengo. Lembani pansi. Fufutani. Ndani angatchule chinthu choyamba ndi a? Eya, zoona."

Zonsezo zinatuluka mondondozana, popanda popumira. Ana ena anali akuimirira pamene ena ankakhala. Wina anali atangotsegula pakamwa kuti anene a, wailesi n'kumuuza kuti afufute. Mayi uja ankathamanga uku ndi uku, manja m'mwamba. Kenako kalasi yonse inaphulika ndi phwete, ana akugubuduka pansi, akuyerekeza kuimirira ndi kukhala mothamanga. Mipata yonse inali itachotsedwa.

Amalume anadzuka, anayenda pakati pa anawo, anazimitsa wailesi. Tinakwera galimoto kubwerera ku situdiyo. Ndinkangomva kamluzu kaja.

Wa makina tinamupeza ali pa makwerero akukonza waya. Anatsika akumwetulira, akupukuta manja.

"Zayenda bwanji, abwana?"

"Mipata yanga ili kuti?"

"Ndinayeretsa, abwana. Ndinadula monse mopanda mawu. Munatiphunzitsa nokha ku koleji kuti pa wailesi pasamakhale chete, womvera amasintha siteshoni. Ndipo makina athu ano akangomva chete amalowetsa okha nyimbo ya kwaya."

"Imeneyo inali kalasi ya nkhani!" Amalume anafuna kukalipa koma kunatuluka kunong'ona. "Unaona ine nditakweza dzanja. Unkati ndikuchita chiyani?"

"Ndinkati mukupuma, abwana." Anayang'ana pansi. "M'mipatamo munkamveka kupuma kwanu. Kukulira. Ine ndinakula ndikumva mawu anu pa wailesi ya bambo anga. Sindinafune kuti anthu akumveni chonchi."

Ndinamufunsa za zojambula zoyambirira, zosadula. Anati kompyuta yake inadzaza, ndiye akamaliza kukonza phunziro ankafufuta lakale. Analankhula zimenezi misozi ikutsika, munthu wamkulu, atagwira pulayazi m'manja.

Ndinaganiza msanga, chifukwa matikiti anali a mawa lake. Mawu onse analipo. Chosowa chinali chete yekha, ndipo chete safuna kholingo. Wa makina anavomereza kuti akhoza kubwezeretsa mipata pa kompyuta, ndipo makina a kwaya aja akhoza kuwazimitsa pa nthawi ya phunziro. Anati aika mpata wofanana pambuyo pa funso lililonse, ntchito ya masiku ochepa.

Amalume anapukusa mutu.

"Ndiye tipita ife," ndinatero. "Ine, iyeyu ndi mayi uja. Tiziseweretsa funso, tiziona ana enieni akuyankha, tiziika mpata. Inu mukhale muli ku Lusaka."

"Mudzangoyang'ana mwana amene wakweza dzanja msanga."

"Mwandiphunzitsa miyezi yonseyi."

"Ndipo ukufulumirabe."

"Amalume, mukufa."

Ndinali ndisanawauzepo mawu amenewo. Anandiyang'ana, kenako anati, "Ndamva. Tiyamba Lolemba."

Madzulo a tsikulo anti anachita chinthu chimene ndinali ndisanachionepo m'nyumba imeneyo. Iwo ndi munthu wa m'tauni, anagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri, ndipo sankagwadira mwamuna popereka madzi monga amachitira amayi a kumudzi. Anabwera pabalaza n'kugwada patsogolo pa mpando wa amalume, maondo onse pasimenti.

"Bambo, ndakupemphani ngati mkazi wanu mwakana. Tsopano ndikupempha ngati namwino. Kamluzu ako ndikukadziwa. Ndakamvapo mu wodi. Anthu ake sankafika Khirisimasi."

Amalume anayang'ana kuzenera. "Dzukani, mayi. Maondo anu aja."

"Sindidzuka."

Anakhala chogwada mpaka ndinawadzutsa ine. Basi ya m'mawa mwake inapita popanda ife.

Okutobala wa ku Chipata aliyense amamudziwa. Phiri limachita utsi, phula limanunkha, ndipo chaka chimenecho ngakhale mitengo ya mango inayoyola masamba. Tsiku lililonse la sukulu tinkanyamuka atatu, amalume, wa makina ndi ine, kusiya phula n'kulowa msewu wa fumbi wa ku Kasenengwa. Ndinkatseka mawindo chifukwa cha fumbi, iwo n'kumatsegula chifukwa chosowa mpweya.

Kagwiridwe kake kanali aka. Wa makina ankakhala pa njerwa, kompyuta ili pamiyendo. Ankaseweretsa funso n'kuimitsa. Amalume, ali pampando kutsogolo chakumbali, ankakweza dzanja akuyang'ana ana. Ana ankayankha, ankalemba, ankafufuta. Dzanja likatsika, wa makina ankaika mpata wautali chomwecho n'kupita ku funso lotsatira. Palibe ankaloledwa kulankhula dzanja lili m'mwamba. Nthawi zina kalasi yonse inkaoneka kuti yamaliza koma dzanja osatsika, ndipo ukayang'anitsitsa unkapeza wina pakona akulimbanabe ndi mchira wa chilembo.

Zinkayenda, ndiyenera kunena zoona. Phunziro lokonzedwa chotero tikaliseweretsa lonse, ana ankayankha ngati mphunzitsiyo ali m'chipindamo, ndipo ena ankasuzumira kuseri kwa wailesi. Koma phunziro limodzi linkadya m'mawa wonse, batire ya kompyuta inkatha, ndipo ana anjala sakhala nthawi yaitali. Ndinayerekeza otsala ndi masiku a sukulu otsala. Sitikanamaliza mvula isanagwe.

Amalume analeka kugona chogona, ankagona atakhala. Chakudya chinali phala lamadzimadzi. Kolala ya shati inayamba kukhwepa, koma mbali imodzi ya khosi inatupa. Mayi wophunzitsa uja nayenso anawapempha.

"Aphunzitsi, pitani kuchipatala. Ndinapempha ndine, ndikubweza ndine. Zotsalazo tidzaona."

Amalume anamugwira paphewa n'kumuonetsa wailesi kuti atsegule.

Zinachitika m'mawa wina chapakati pa mweziwo. Funso linali lotchula zinthu zoyamba ndi ma. Wa makina anaimitsa, amalume anakweza dzanja. Ana anatchula madzi, mango, malaya. Anatha. Dzanja linali m'mwamba. Tinadikira, chifukwa tinali titazolowera kudikira. Ine ndinayang'ana m'makona kufuna mwana wotsalira. Wa makina maso anali pa kompyuta. Mayi uja anaika chala pakamwa kuletsa ana phokoso. M'chipinda munali bata, ndipo m'batamo ndinazindikira kuti kamluzu kaja sindikukamva.

Nditatembenuka, pakamwa pawo panali yasa, milomo itatuwa, maso atatuluka. Dzanja lija silinali la mpata. Ankatiitana.

Tinawanyamula ndi mpando womwewo. Wa makina anakhala nawo kumbuyo atawagwira chokhala, mayi uja akukankha ana kuti achoke pagalimoto. Msewu wa fumbiwo ndinauyenda mmene sindinauyenderepo, miyala ikumenya pansi pa galimoto, ngolo za ng'ombe zikupatukira m'tchire. Mpweya unkalowa pang'onopang'ono, ndi phokoso ngati la munthu wokoka madzi otsiriza ndi kapaipi. Ndinaimbira anti ndi dzanja limodzi. Sanafunse kanthu, anangoti, "Ndikakudikirani pageti la chipatala."

Anali dokotala yemwe uja. Sanatikalipire. Anawalowetsa, ndipo patapita nthawi anatuluka n'kutiuza kuti waboola pakhosi m'munsi mwa chotupacho n'kuika kapaipi kopumira. Anati tikanachedwa pang'ono akanatipatsa mtembo.

Ambulansi inanyamuka m'mawa mwake. Anti anakhala kumbuyo ndi namwino, ine kutsogolo. Katete, Petauke, Nyimba, kenako mapiri otsikira ku Luangwa, kumene kutentha kumalowa m'galimoto ngati wina watsegula uvuni. Kapaipi kankatsekeka ndi makhololo, ndipo tinkaima m'mbali mwa msewu kuti namwino akapope. Anti ankamuthandiza, manja awo akugwira ntchito yawo yakale. Minda yonse ya m'njira inali mapesi ofupika, oyera.

Ku Lusaka anawajambula khosi ndi makina, anatenga kanyama kukayesa, ndipo tinadikira masiku angapo, anti akugona pa katoni pansi pa bedi. Dokotala wa opaleshoni anali mayi wolankhula mosazungulira. Anati nthawi yowotcha chotupa chokha inapita. Achotsa kholingo lonse pamodzi ndi timitsempha ta m'khosi timene matenda afikamo, ndipo pambuyo pake adzawotchabe. Amalume adzapumira pa bowo la pakhosi moyo wawo wonse. Za kuchira sanalonjeze.

Ndinafunsa funso la ntchito yanga. Tikanabwera mu Juni?

"Mu Juni tikanakamba zina," anatero. "Koma mwabwera lero."

M'mawa wa opaleshoni, atawaveka kale chovala chobiriwira, dokotalayo anaima pambali pa bedi. Anati odwala ena akatseka kapaipi ndi chala amatha kutulutsa mawu pang'ono, ndipo ngati bambo ali ndi choti anene kwa banja, nthawi yake ndi ino. Amalume anayang'ana anti. Anaika chala pa kapaipi, anakoka mpweya, milomo inayenda. Kunatuluka mphepo yokha. Anayesanso mpaka nkhope inada, namwino n'kuwachotsa chalacho. Chotupa chinali chitatseka kale zonse. Anawakankha pa bedi la matayala kulowa nawo m'kati, ife tinatsala pabenchi.

Pabenchipo ndi pamene tinayamba kufunsana kuti mawu awo omaliza anali ati. Ine ndimati anali m'galimoto m'mawa uja popita kumudzi, pamene anati nditsegule windo. Anti amati ayi, anali pakhomo tisananyamuke, pamene anafunsa chipewa chawo. Wa makina, nditamufunsa pa foni, anati akukumbukira kuti anamuuza kuti akweze wailesi, koma sakutsimikiza ngati analankhula kapena anangoloza ndi ndodo. Ndagwira ntchito yotsimikiza nkhani zaka zambiri, koma iyi ndalephera. Iwo eni ndinawafunsa atachira bala. Anatambasula manja kusonyeza kuti sakudziwa.

Opaleshoni inatenga pafupifupi tsiku lonse. Anatuluka amoyo.

Maphunziro amene anakonza okha ndi ochepa, a kumayambiriro kwa chigawo choyamba cha chaka. Otsalawo tinakonza ine, wa makina ndi mayi wophunzitsa uja mvula itagwa, ndipo akuulutsidwa onse. Amalume ali kunyumba kwawo m'tsinde mwa phiri, bowo la pakhosi lophimbidwa ndi kansalu kamene anti amasoka. Akafuna munthu amawomba m'manja. Miyezi ingapo iliyonse timakwera basi ya ku Lusaka kukaonetsa khosi. Ulendo wathawu dokotala anapeza kachotupa kena pansi pa khutu, ndipo watiuza kuti tibwerere mwezi wamawa. Anti agula kale matikiti, ndipo amalume sanatsutse.